Odwala a Mphindi Khumi

Lachisanu m'mawa abwana anandiitanitsa ndisanatule n'komwe chikwama.

"Mayi Netiweki, Lachiwiri masana apolisi akubwera kudzatenga Mlembi. Ndikufuna umboni wonse ukhale pa tebulo ili, wosindikiza bwinobwino."

"Umboni uti, bwana? Mlembi munamuimitsa ntchito masabata atatu apitawo, koma mayina abodza akulowabe."

"Ndiye kuti akuchitira kunyumba. Kwawoko kulibe foni?"

"Foni aliyense ali nayo."

"Koma si aliyense amakhala pa kauntala. Mutseke chitseko mukamatuluka."

Ine ndimasamalira makompyuta pa kachipatala ka maso, n'chifukwa chake anandipatsa dzina limenelo. Pansi pali kauntala yolandirira odwala ndi maofesi, pamwamba pali chipinda cha opaleshoni. Dokotala wochita opaleshoni tinali naye mmodzi yekha, ndipo ng'ala timachotsa mwaulere, choncho odikira amachuluka kuposa malo. Lolemba lililonse 8 koloko m'mawa, tsamba lathu la pa intaneti limatsegula malo makumi atatu a sabata yotsatira. Munthu amalemba dzina, imelo ndi vuto la diso lake. Ife timatumiza nambala ku imeloyo, iye akailemba pa tsambalo, malo ndi ake.

Kwa miyezi itatu, sabata iliyonse anthu khumi kapena khumi ndi awiri sankabwera. Bedi limangokhala loyala, zipangizo zowiritsa, wodwala palibe. Abwana anamva mayi wina akudandaula pa geti kuti pano pamafunika kudziwana ndi wa pa kauntala. Zinawakwanira. Anagamula kuti Mlembi, mayi wolandira odwala pa kauntalapo, amagwira malo ndi mayina abodza kuti azigulitsa.

Mayinawo analidi abodza, ndipo onse ankalowa ndi maimelo ongotaya. Pa intaneti pali masamba amene amakupatsa keyala ya imelo osakufunsa kuti ndiwe ndani. Keyalayo imakhala moyo mphindi khumi, zokwana kulandira nambala yathu ija, kenako imafa. Ukailembera mawa lake, kalata imabwerera.

Ndinali nditayesa zonse. Keyala iliyonse ili ndi mchira, mawu a kumapeto aja amene amasonyeza kampani yosunga makalata. Ndinapeza mndandanda wa michira yoposa zikwi zitatu ya maimelo ongotaya, n'kuitsekera yonse. Lolemba lotsatira kunabwera michira yatsopano. Ndinaiwonjezera. Kunabweranso ina. Kenako ndinaona kuti michira yambiri, ngakhale inali yosiyana, makalata ake ankagwera m'bokosi limodzi, ndiye ndinatseka bokosilo. Munthuyo anapeza bokosi lina. Sabata yomalizayi mtima unandipsa, ndinangotseka mchira uliwonse umene sindinkaudziwa.

Zotsatira za kupsa mtimako zinandipeza Lachisanu lomwelo, ndikuchokera kwa abwana. Pa benchi ya pakhonde panali bambo wachikulire, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Diso lamanzere linali loyera ngati mkaka.

"Mayi, akuti inu ndinu a makompyuta?"

"Eya, bambo."

"Ndinu amene mwauza mwana wanga kuti ndi wabodza?"

Ndinaima.

"Ine ndine telala. Diso ili linapita, ili latsalali likuchita nkhungu. Ulusi ndimaulowetsa m'singano pongopapasa. Dzana ndasokera munthu thumba la buluku chadodolido, wandibwezera pamaso pa makasitomala. Mwana wanga amaphunzitsa pa sukulu. Masabata asanu ndi awiri wakhala akuyesa, amapeza malo atadzaza. Lolemba lapitali anapeza malo, walemba zonse, makina anu akuti imelo yake ndi yachinyengo. Imelo ya ku ntchito kwake! Ndiye ndabwera ndekha kuti mundione. Ndine wachinyengo ine?"

Ndinapepesa, ndinalemba nambala ya foni ya mwana wawoyo padzanja. Sindinawauze kuti sabata yomweyo malo khumi ndi amodzi anapita kwa anthu amene kulibe. Khoma langa linkagwira aphunzitsi, mbava n'kumadutsa.

*

Loweruka ndinapita kwa Mlembi. Ndinamupeza kuseri akuyanika zovala. Sanandipatse mpando.

"Wabwera kudzatenga foni yanga? Iyo ili pawindopo. Uwapatse abwana ako aikazinge."

"Asisi, ine sindikukhulupirira kuti ndi inu."

"Kukhulupirira kwako kwandithandiza chiyani? Zaka khumi ndi chimodzi pa kauntala ija, Netiweki. Lero ndikamadutsa pa golosale anthu amasiya kulankhula. Mwana wanga wamkazi anamenyana ndi mnzake kusukulu chifukwa anamuti amayi ako amagulitsa maso."

Ndinatulutsa mapepala a mayina onse abodza, oposa zana. Ndinali nditawayang'ana mpaka kuwaloweza. Anapukuta manja pa siketi, anawalanda, n'kukhala pa chidebe chovundikira.

Anawerenga mwakachetechete, chala chikutsika ndi mzere. Kenako anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Iwe sukulu unapita kukatani? Tayang'ana nthawi."

"Onse amalowa 8 koloko ikangodutsa."

"Sindikunena nthawi yolembetsa. Nthawi ya opaleshoni. Iyi 2 koloko. Iyi 3 koloko. Hafu 2. 4 koloko. Palibe ngakhale imodzi ya m'mawa. Amene amandipempha pa kauntala onse amalirira m'mawa, kuti abwerere kwawo kukuwala. Wogulitsa wanji wotola katundu amene anthu samufuna?"

Ine ndinkangoyang'ana michira ya maimelo. Mzere wa nthawi sindinauwerengepo.

"Ndiye taona kalembedwe aka. 'Diso lamannja.' 'Ng'alla.' 'Llamanzere.' Zilembo ziwiriziwiri paliponse. Ine ndimataipa osayang'ana, sindilemba ngati nkhuku ikujompha. Ndikufunsenso china. Pa malo onsewa, alipo amene anabwerapo munthu, ngakhale wa dzina lina?"

"Palibe."

"Miyezi itatu munthu akugulitsa, osagulitsako ngakhale kamodzi?" Anandibwezera mapepala aja. "Ameneyu malowa sakuwafuna. Akufuna akhale opanda anthu."

*

Lolemba ndinafika 7 koloko. Ndinagwetsa khoma lonse. M'malo mwake ndinatchera kamsampha: imelo yongotaya izidutsa bwinobwino, koma kompyuta yanga iziyatsa mzere wofiira ndi kusunga kumene munthuyo akulembera. Sindinauze aliyense. Masabata onse m'mbuyomu ndinkafotokoza pa msonkhano wa antchito zimene ndatseka ndi mmene ndatsekera. Ulendo uno ndinatseka pakamwa.

8 koloko inakwana. Mayina anayamba kutsika. Wakuda, wakuda, wakuda. Patapita mphindi ziwiri, wofiira. Hafu 2 masana, "diso lamannja". Wachiwiri wofiira. Ndinayamba kutsata kumene akuchokera.

Foni ya pa tebulo inalira.

"Mayi Netiweki, pulinta yatafuna pepala."

"Bwana, ndipatseni mphindi khumi, ndili pakati pa..."

"Ndili ndi kalata yopita ku polisi. Panopa."

Ndinagwada pansi pa tebulo la abwana kwa mphindi makumi atatu, ndikusolola tizidutswa ta pepala ndi kapini ka m'tsitsi, iwo akundifotokozera kuti makompyuta a masiku ano alibe mwambo. Pamene ndimabwerera, malo onse anali atadzaza. Mizere yofiira inali khumi ndi iwiri.

Koma msampha unali utagwira. Yonse inachokera pa foni imodzi. Foniyo sinali kunyumba kwa Mlembi, sinali kunja kwa mpanda. Inali pa netiweki yathu ya antchito, imene odwala saidziwa, ndipo inalumikizidwa kudzera pa kabokosi kofalitsa netiweki ka pamwamba. Kabokosi kameneko kamangofika zipinda zitatu: cha opaleshoni, chowiritsira zipangizo, ndi ofesi ya a Dokotala.

*

A Sisita, namwino wamkulu, ndinawapeza akupinda nsalu zobiriwira. Ndi mayi amene salankhula mawu awiri pamene amodzi akukwana.

"8 koloko munali kuti, Sisita?"

"Muno."

"Ndi ndani?"

"Wokolopa. Timawiritsa zipangizo."

"Mafoni anu?"

Anatulutsa kiyi womangirira pa lamba. "Kabati. Hafu 7 mpaka 10 koloko. Yanga, yake. Lamulo langa."

"Nanga a Dokotala?"

"Lolemba amabwera 9 koloko. Zaka zonse."

"Munawaona akubwera lero?"

"Ndinawaona 9 koloko."

"Masana kukapanda kubwera odwala, a Dokotala amadandaula?"

Manja awo anaima pa nsalu.

"Ine ndimapereka zipangizo. Za a Dokotala mukafunse a Dokotala."

Mlonda wa pa geti ndi wosiyana nawo. Ukamufunsa nthawi amakuyambira mbiri ya wotchi.

"A Dokotala? Aaa, madamu, munthu wabwino uja. Diso la apongozi anga analikonza ndi iwowo, pano akuona ngakhale zimene sakufunika kuona. Lero? Hafu 7, madamu. Lolemba lililonse hafu 7. Kale ankabwera 9, inde, koma anasintha, kaya ndi miyezi itatu tsopano. Galimoto amaimika kuseri, pansi pa thanki ya madzi, n'kukwera masitepe a kuseri aja. Akuti amafuna kuwerenga kusanachite phokoso. Anthu ophunzira, madamu, ife tingadziwe chiyani."

"Khomo la kuseri amatsegula okha?"

"Ayi, ndi ine. Amandipatsa kiyi, akuti loko wavuta, kiyi sakulowa. Koma ine ndikangoika, kwatsegu! Ndinathiramo mafuta kawiri konse, akuti akuvutabe. Ndiye ndimangoti mwina loko uja amasankha anthu."

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinakumbukira zilembo ziwiriziwiri zija.

*

Ndinagogoda 3 koloko masana. Wodwala wa nthawi imeneyo anali mmodzi wa aja a mphindi khumi, choncho a Dokotala anali mu ofesi mwawo. Ndi bambo wamtali, wa imvi, wolankhula motsitsa. Tsiku limene ndinayamba ntchito ndi iwo amene ananditengera mpando. Anakhala kuseri kwa tebulo lagalasi pamwamba, manja onse ali pansi pa tebulolo.

"Mwanawe, lowa. Intaneti yavuta?"

Ndinaika mapepala patsogolo pawo. "Mayina khumi ndi awiri abodza alowa lero, Dokotala. Alowera m'chipinda chimodzi mwa zitatu za pamwamba pano. A Sisita ndi wokolopa mafoni awo anali m'kabati."

"Ine ndimabwera 9 koloko."

"Mlonda wakutsegulirani hafu 7."

"Mlonda amasokoneza masiku."

"Foni imene yalemba mayinawa ikadali pa netiweki panopa. Kabokosi kakusonyeza kuti ili pafupi. Tandibwerekani yanu ndione."

Kunja munthu ankakoka ndowa pa simenti. Kenako anatulutsa dzanja lamanja, analowetsa m'thumba la jasi loyera, n'kutulutsa foni. Asanaifikitse kwa ine, foniyo inayamba kugogoda pa galasi la tebulo, kwe kwe kwe kwe. Anaigwira ndi dzanja linalo kuti ikhale chete. Nalonso linkanjenjemera.

Tonse awiri tinayang'ana manjawo.

"Mankhwala ndimamwa hafu 8 m'mawa," anatero. "Amandigwira kuyambira 9 koloko mpaka cha m'ma 12. Ikadutsa pamenepo, ndi zimene ukuonazi. Diso la munthu ndi kanthu kakang'ono, mwanawe. Mpeni ukaterereka pang'ono chabe, munthuyo sadzaonanso."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Ndikanena, andiletsa zonse, za m'mawa zomwe. Dokotala wina ali kuti? Abwana ako akhala akusaka wachiwiri zaka zinayi. Ndinaona kuti anthu khumi ndi asanu ndi atatu pa sabata ndi bwino kusiyana ndi kusowa ngakhale mmodzi."

"Maimelo aja munawadziwira kuti?"

"Ndinkagwiritsa ntchito kale, powerenga magazini a zachipatala, kuti asamanditumizire zotsatsa malonda. Zotsalazo unkandiphunzitsa ndiwe. Pa msonkhano unkanena zimene watseka."

Miyezi itatu ndikudya mutu, ndikufotokoza mwaulemu pamaso pa aliyense, iwo atakhala mpando wa kutsogolo akugwedeza mutu.

"Ndipo tsiku limene abwana ankaimitsa Mlembi munalinso pompo," ndinatero. Mawu anga anakwera, sindinawaletse. "Analira pamaso panu. Inu munangoyang'ana pawindo."

"Ndinkaganiza kuti umboni ukasowa amubweza."

"Apolisi akubwera mawa masana. Mwana wake akumenyana kusukulu. Pansipa panabwera telala amene watsala ndi diso limodzi, ndipo ine ndinamutcha mwana wake wachinyengo chifukwa chothamangitsa inu. Anthu aja akanadziwa kuti kuno malo ndi ochepa, bwenzi atayesa kwina kalekale. Inu munawasiya azidzuka Lolemba lililonse kudzalimbirana malo amene munatenga kale."

"Ndipatse mwezi umodzi. Ndipeze munthu wolowa m'malo mwanga, kenako ndinena ndekha."

"Mlembi alibe mwezi."

"Sabata imodzi."

"Mawa 10 koloko ndikukapereka mapepalawa. Mukafuna, mukafike ndinu poyamba."

Ndinatola mapepala anga. Ndili pakhomo anandiitana.

"A Sisita usawaikemo. Anangoona, sanafunse."

Ndinatsika masitepe, ndinakadzitsekera mu kaofesi kanga n'kumenya tebulo mpaka kapu ya tiyi inagwa.

*

Lachiwiri, pamene ndinkafika, a Dokotala anali kale mu ofesi ya abwana. Anakhalamo ola lathunthu. Atatuluka, abwana anandiitana. Kalata ya ku polisi ija inali m'dengu la zinyalala.

"Mayi Netiweki, nkhaniyi ndi yovuta. A Dokotala atumikira zaka makumi atatu. Mu lipoti mulembe kuti linali vuto la makompyuta."

"Makompyuta sanalakwe, bwana."

"Ndiye mulembe kuti panali kusamvetsetsana."

"Anthu a pa geti anamva kuti Mlembi ndi wakuba. Akangomva za kusamvetsetsana aziti munamukhululukira. Ndilemba zimene zinachitika. Mukafuna zina, mulembe nokha, musaine nokha."

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Koma lipotilo linapita mmene ndinalilembera, ndipo a Dokotala anasaina m'munsi mwake, dzina lawo litapindikapindika.

Opaleshoni zonse zinaimitsidwa tsiku lomwelo, za m'mawa zomwe. Pamenepo a Dokotala sananame. Mbava ndinaigwira, ndipo chipatala chinatsala chopanda dokotala. Mmodzi mwa madokotala amene iwo anawaphunzitsa kale anavomera kumabwera masiku awiri pa mwezi, ndipo a telala aja ndinawaika pa tsiku loyamba. Ena onse anayenera kuuzidwa kuti adikire, kapena akayese kwina. Abwana anati ndingotumiza imelo imodzi kwa onse. A Dokotala anakana. Anati awaimbira okha, mmodzimmodzi.

Mlembi anabwerera Lachinayi. Abwana anamugwira chanza pakhonde n'kunena kuti zimachitika. Iye anangopukuta fumbi pa kauntala yake, anabweza mpando pamalo pake, n'kukhala.

A Dokotala anatsika cha m'ma 2 koloko ndi mndandanda wa odwala. Anaima kutsogolo kwa kauntala, pamene pamaima odwala.

"Mayi, ndinakulakwirani kwambiri. Sindikudziwa kuti ndiyambire pati."

"Mukayambire kusukulu kwa mwana wanga," anatero Mlembi osadzutsa mutu. "Lolemba 7 koloko, pa mzere. Mukanene pamaso pa anzake."

"Ndipita."

"Ndiye mwabwera ndi chiyani?"

Anaika mndandanda uja pa kauntala, anakoka foni ya pa tebulo, n'kuyamba kudina nambala yoyamba. Chala chinadina seveni kawiri. Anadula, anayambanso. Chinadina folo kawiri. Ulendo wachitatu chinaphonya batani n'kugunda m'mbali. Ine ndinali pambali ndikulumikizanso kompyuta ya Mlembi, ndipo ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize.

"Asiye," anatero Mlembi.

Anawayang'ana akulimbana ndi mabataniwo ulendo wachinayi. Kenako anausa moyo, anakokera foniyo kwa iye, anadina nambala yonse osayang'ana, n'kuwapatsa chomvera.

"Ikuitana. Ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, maso onse awiri. Muwauze bwinobwino, musathamange. Ine ndikhala ndikukonza yotsatira."